Kodi petulo analidi wotchipa kale, kapena tikungokumbukira zokoma zokhazokha?

Mphunzitsi wa ku Chibavi analemba kuti:

Makolo, abale ndi alongo, ndabwera ndi funso limene lakhala likundivutitsa mumtima kuyambira Loweruka lapitali. Ndinapita kukathira mafuta m'kagalimoto kanga kakale pamalo ena omwetsera mafuta m'tauni muno mu Mzuzu, nditatenga mwana wanga wamwamuna amene ali Fomu 2. Ndinapereka K20,000, ndipo malita amene analowa m'thanki sanafike ndi khumi omwe. Tili m'njira yobwerera ku Chibavi, ndinamuuza mwanayo kuti m'chaka cha 2020, nthawi ya mliri wa Covid-19, lita imodzi ya petulo inatsika mpaka pansi pa K700, kotero kuti ndalama yomwe ija ikanagula malita oyandikira 30. Mwanayo anandiyang'ana ngati ndikumufotokozera nthano ya makedzana, chonsecho ndi zaka zochepa chabe zapitazo, iye ali kale pasukulu.

Kuyang'ana kwake kunandikumbutsa momwe inenso ndinkawayang'anira malemu bambo anga kwathu ku Kasungu, akamasimba kuti pa unyamata wawo ankadzaza thanki ya njinga yamoto ya kuntchito kwawo ndi ndalama zachitsulo zokhazokha. Ndinkaona ngati akuwonjezera. Lero ndine amene ndikusimba zoterezi, ndipo ndikasimba mtima umandiwawa, chifukwa ndimakumbukira masiku amene ndinkatha kunyamula banja lonse Lamlungu tikaweruka ku tchalitchi, n'kutsetsereka ku Nkhata Bay kukaona nyanja ndi kugula batala wamuwisi, popanda kukhala pansi kaye usiku wathunthu kuwerengetsera ngati ndalama ya ufa itsale. Ulendo umenewo tinausiya. Ngakhale ku Ekwendeni, kumene kuli alamu anga, timapitako pokhapokha kukagwa zovuta.

Funso langa nali. Kodi moyo unalidi wopepuka m'masiku amene mafuta anali otsika mtengo, kapena manambala okha ndi amene anali aang'ono pamene malipiro nawonso anali aang'ono? Ndinayamba kuphunzitsa m'chaka cha 2001, ndipo malipiro anga akwezedwa kangapo kuchokera nthawi imeneyo, koma mwezi uliwonse ndalama zimatha msanga kuposa mwezi wapitawo. Ndikufuna kudziwa ngati chisoni changachi chili ndi maziko, makamaka kuchokera kwa inu akuluakulu amene munaona zaka zambiri kuposa ine, ndiponso kwa inu amene mumadziwa kayendedwe ka chuma.

Dalaivala Wopuma wa ku Luwinga anayankha kuti:

Aphunzitsi, bambo anu sankanama ayi. Ine ndinayamba kugwira chiwongolero kwacha ili ndi zaka zochepa chibadwire, poti inalowa m'malo mwa paundi m'chaka cha 1971, makwacha awiri n'kukhala paundi imodzi. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 kwacha imodzi inali pafupifupi dola imodzi ya ku America, ndipo tambala inali ndalama yogulira chinthu, osati yongoitchula m'masamu a ana a sukulu monga zilili lero. Munthu ukatola tambala panjira, unkaisunga.

Komabe ndikupempheni kuti mufunse funso lina pambali pa lanulo: ndani ankagula petulo wotchipayo? Mzuzu amene ine ndinamupeza anali tauni yaing'ono yozizira, yodzaza nkhungu ndi matope, ndipo anangokhala mzinda m'chaka cha 1985. Magalimoto amene ankadutsa m'misewu tinkawadziwa onse pamodzi ndi eni ake: a boma, a mishoni, a makampani, ndi a anthu ochepa ochita malonda. Mphunzitsi wa pulayimale wokhala ndi galimoto yakeyake ine sindinamuonepo m'zaka zimenezo. Aphunzitsi ankayenda pa njinga yakapalasa, ndipo amene anali nayo ankalemekezedwa m'mudzi monse. Wopita ku Lilongwe ankadikira basi ya kampani ya UTM, imene pambuyo pake inadzakhala ya Stagecoach, ndipo akaiphonya ankagona pa depoti. Mafuta amene munthu wamba ankawadandaula anali palafini wa mu koloboyi ndi mu nyali, osati petulo. Sindikunena izi pofuna kupeputsa chisoni chanu, koma kuti muone kuti galimoto imene ikukulizani lero, mphunzitsi wa nthawi ya bambo anu sakanailota n'komwe.

Chinanso chimene achinyamata sachidziwa n'chakuti kubweretsa mafuta m'dziko muno sikunakhalepo kophweka. Dziko lathu lilibe doko la panyanja yamchere. Kale mafuta ankabwera pa sitima yapamtunda kuchokera ku Beira ndi ku Nacala, njira zazifupi ndiponso zotsika mtengo, koma nkhondo ya ku Mozambique itakula m'zaka za m'ma 1980, njanji ziwiri zonsezo zinatsekeka. Katundu anayamba kuzungulira maulendo ataliatali kuchokera ku madoko a ku South Africa, ndipo ndi nthawi imeneyo pamene boma linaika mtima pa njira ya kumpoto, yochokera ku Dar es Salaam kudzera ku Mbeya, kulowa pa Songwe, kudutsa ku Karonga, n'kukwera mapiri a Chiweta kufika kuno. Ine njira imeneyo ndaiyenda zaka zambiri ndi thankala. Ndi makilomita opitirira 1,000, ndipo amene sanakwerepo Chiweta atasenza malita zikwizikwi kumsana, mvula ikugwa, injini ikulira ngati ikufuna kuphulika, sangamvetse kuti lita imodzi imene imalowa m'galimoto mwake yadutsa m'zotani. Anzanga ena amene tinkagona nawo pa chipata podikira mapepala anatsikira m'maphompho amenewo ndipo sanabwerere kwa ana awo. Ndikamaona mathankala akulowera ku nkhokwe za mafuta za ku Sonda, ndimawakumbukira.

Chimene ine ndimachilakalaka pa masiku akale si mtengo wa petulo kwenikweni. Ndimalakalaka kuti penshoni imene ndinaigwirira ntchito zaka zonsezo ikanakhala ndi mphamvu imene inali nayo tsiku limene ankaiwerengetsera. Anaiwerengetsera m'makwacha a nthawi ina, ndipo ndikuidya m'makwacha a nthawi ina.

Mayi wa Usipa wa ku Mchengautuba anayankha kuti:

Aphunzitsi, komanso inu agogo a ku Luwinga, ndawerenga zonse ndipo ndikupempha kuti ndiikepo mawu anga ngati munthu amene sanakhalepo ndi galimoto chibadwire. Agogo, mwanena zoona kuti kale munthu wamba sankagula petulo. Koma lero, ngakhale ine sindinaimepo pa mzere wa magalimoto, petulo ali m'beseni langa la usipa tsiku lililonse, ndipo ndimamulipira kanayi konse usipawo usanafike pa mbale ya wogula.

Asodzi amene ndimapikulako ku Nkhata Bay amalowa m'nyanja usiku ndi maboti a injini, ndipo popeza usipa sukupezekanso pafupi ndi gombe monga kale, amapita kutali n'kuwotcha mafuta ambiri. Akabwera m'mawa, mtengo wa mafutawo amauika pa ndowa. Kenako ndimalipira galimoto yokwera mapiri kubwera ku Mzuzu, ine mtengo wanga, thumba mtengo wakenso. Ndikatsika pa depoti ndimalipira wa kabaza kuti andifikitsire katundu pamsika. Madzulo ndimakweranso kubwerera ku Mchengautuba. Tsiku limene wailesi yalengeza kuti mafuta akwera, anthu anayi onsewa amakweza m'mawa mwake, koma ine sindingathe kukweza chimodzimodzi, chifukwa amene amagula kwa ine ndi amayi anzanga amene malipiro a amuna awo sanasinthe. Chimene timachita n'kuchepetsa mulu. Mtengo umaoneka womwewo, koma usipa umene kale unkakwanira banja masana ndi madzulo tsopano ndi wa nkhomaliro yokha. Mayi akaima pa benchi langa n'kumauyang'ana muluwo osayankhula, ine ndimadziwa zimene akuwerengetsera, popeza ndimawerengetsera zomwezo kunyumba kwanga.

Chimene chinandipweteka kwambiri chinachitika mu Novembala 2023, pamene kwacha inagwetsedwa ndipo mafuta anakwera patangopita masiku ochepa. Ndinali nditapikula matumba awiri pamtengo wakale, ndipo ndinawagulitsa pamtengo wakale, ndikuona ngati ndapeza phindu. Nditabwerera kunyanja, ndalama yonse, mpamba pamodzi ndi phindu lomwe, sinakwanenso matumba awiri aja. Palibe amene anandibera, ndalama zinali zonse m'chikwama, koma mpamba wanga unali utachepa ndili nawo m'manja. Amayi ambiri a m'gulu lathu la banki m'khonde anasiya geni nthawi imeneyo ndipo ena mpaka lero sanadzukenso.

Ndiye mukandifunsa ngati kale kunali bwino, yankho langa ndi lakuti inde, koma osati chifukwa zinthu zinali zotchipa. Ndalama inali yovuta kuipeza ngakhale nthawi imeneyo, ndipo mayi anga ankayenda wapansi mitunda italiitali atasenza dengu la nsomba pamutu. Ubwino wake unali wakuti mtengo unkakhala pamalo amodzi kwa nthawi yaitali. Munthu unkatha kunena kuti ndisunga pang'onopang'ono, pakatha miyezi isanu ndi umodzi ndigula malata, ndipo miyeziyo ikatha malata unkawapezadi pafupi ndi mtengo umene unauona. Lero ukasunga, malata amathamanga kukusiya m'mbuyo. Nyumba yanga yakhala pa lintala zaka zitatu tsopano.

Wowerengera Chuma wa ku Katoto anayankha kuti:

Aphunzitsi, funso lanu lingathe kuyesedwa ndi masamu, ndipo masamuwo akuikirani kumbuyo, makamaka tikaona zaka zaposachedwazi. Njira yabwino si kuyerekeza mtengo wa lero ndi wa kale, koma kufunsa kuti malipiro a mwezi umodzi ankagula malita angati. Titenge malipiro otsikitsitsa ovomerezeka ndi boma. Kumayambiriro kwa 2021 anali K50,000 pamwezi, ndipo petulo anali pafupifupi K900 pa lita, kutanthauza malita oposa 50. Mu Febuluwale 2024 malipirowo anakwezedwa kufika pa K90,000, koma petulo anali atafika kale pa K2,530 mu Novembala 2023, kutanthauza malita 35 okha ndi kadontho pamwamba. Malipiro anakwera, koma wolandirayo anasauka. Zimene mayi a ku Mchengautuba afotokoza za mpamba wawo ndi nkhani yomweyi, kungoti iwo anaiona m'matumba a usipa.

Gwero lake ndi lakuti mafuta sitigula ndi makwacha. Amene amaitanitsa mafuta kunja amalipira madola, ndipo madola athu ambiri amachokera ku fodya, amene amagulitsidwa miyezi yochepa chabe pachaka, pamene mafuta, feteleza ndi mankhwala zimafunika chaka chonse. Kuchokera mu 1994, pamene kwacha inasiyidwa kuti mphamvu yake izitsatira msika, yakhala ikutsika. Mu Meyi 2012 inachoka pa K168 kufika pa K250 pa dola imodzi. Mu Meyi 2022 inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti, chaka chomwe nkhondo ya Russia ndi Ukraine inakweza mafuta padziko lonse, ndipo mu Juni chaka chimenecho petulo anafika pa K1,999. Mu Novembala 2023 inachepetsedwanso ndi 44 peresenti, dola n'kufika pa K1,700. Ngakhale ndalama zamapepala zimene timanyamula zikuchitira umboni: K500 inatuluka mu 2001, chaka chimene inu munayamba ntchito, ndipo inali ndalama yaikulu kuposa zonse; K1,000 inabwera mu 2012, K2,000 mu 2016, ndipo K5,000 mu 2022. K200 ija yokhala ndi nkhope ya mayi Rose Chibambo lero wa kabaza sangakunyamuleni nayo ngakhale mtunda waufupi. Tisaiwalenso kuti pa lita iliyonse pamakhala misonkho ingapo, monga wokonzera misewu ndi wofikitsira magetsi kumidzi, kotero kuti mtengo umene bungwe la MERA, loyang'anira za mafuta ndi magetsi, limalengeza si wa mafuta okha.

Pali mbali imodzi imene ndikufuna kuti tisaiphonye tikamalakalaka mtengo wotsika. Ife a ku Mzuzu tinaona ndi maso athu kuti petulo angathe kukhala wotchipa pa chikwangwani koma osapezeka pa pampu. M'chaka cha 2011 kwacha inkagwiridwa pamtengo umene sunkafanana ndi mphamvu yake yeniyeni, madola anasowa m'mabanki, ndipo anthu ankagona m'magalimoto pamizere masiku awiri kapena atatu. Kusowa kwa mafuta ndi ndalama zakunja kunali pakati pa madandaulo amene anatulutsa anthu m'misewu pa 20 Julayi chaka chimenecho. Anthu pafupifupi 20 anaphedwa m'dziko muno, ambiri mwa iwo kuno ku Mzuzu, ndipo manda awo ali ku Zolozolo. Ine ndinali wophunzira nthawi imeneyo, ndipo phokoso la mfuti la tsiku limenelo silinachoke m'makutu mwanga. N'chifukwa chake mu 2012 boma linabwezeretsa njira yoti mtengo wa mafuta uzisintha potsatira mtengo wa kunja ndi mphamvu ya kwacha. Nthawi iliyonse imene njira imeneyi yaimitsidwa kwa nthawi yaitali poopa kukwiyitsa anthu, mizere imabwerera, ndipo amene amapindula ndi ogulitsa mafuta a m'zigubu m'mphepete mwa msewu, amene amatchula mtengo umene akufuna. Wolemera amagula chigubucho n'kupitiriza ulendo wake. Wa minibasi amagulanso, koma amalipiritsa okwera.

Chotero ine sindipempha kuti petulo abwerere pa K700, chifukwa ndikudziwa kuti popanda madola mtengo umenewo ungakhale wongolembedwa. Chimene ndimalakalaka n'chakuti khofi wathu wa ku Misuku ndi ku Viphya, mpunga wa Kilombero wa ku Karonga ndi matabwa a ku Chikangawa zizibweretsa ndalama zakunja zokwanira kuti kwacha iime, malipiro a munthu athe kufika pa tsiku lomaliza la mwezi.

Wa Kabaza wa ku Chiputula anayankha kuti:

Bambo aphunzitsi, ine ndine wamng'ono pa onse amene ayankha, ndipo petulo wotchipa amene mukumunenayo sindinamugulepo. Ndinayamba ndi njinga yakapalasa, zimene kuno timazitcha sakaramento, ndipo nditapeza njinga yamoto ya bwana wina ndinaona ngati ndatukuka. Tsopano ndikadzuka m'mawa ndimayamba kugwirira ntchito mafuta, kenako ndalama ya tsiku ya mwini njinga, ndipo yanga imayamba kuoneka dzuwa litapendeka. Makasitomala ambiri amene ndinkawanyamula kupita ku chipatala chachikulu kapena ku Luwinga tsopano ndimawadutsa akuyenda wapansi, ndipo sindiwaimba mlandu. Anzanga awiri abweza njinga zamoto kwa eni ake n'kubwerera ku yakapalasa, poti imeneyo imangofuna nsima ndi miyendo. Inenso ndikuganiza zotero mvula ikatha, chifukwa zitunda za mumzinda muno ndi matope ake n'zovuta kupalasa utanyamula munthu nthawi ya dzinja.

Mphunzitsi wa ku Chibavi anabweranso n'kulemba kuti:

Ndathokoza nonse kuchokera pansi pa mtima. Agogo a ku Luwinga, mawu anu akuti mphunzitsi wa nthawi ya bambo anga sakanalota galimoto andikhudza, chifukwa ndi zoona: njinga yamoto imene ankaithira mafuta ija sinali yawo, inali ya kuntchito, ndipo atapuma anaibweza n'kumwalira ali ndi yakapalasa. Zimenezi ndinali nditaziiwala, ndinkangokumbukira ndalama zachitsulo zija. Komabe masamu a achimwene a ku Katoto andisonyeza kuti kulira kwanga si kwa maloto, ndipo usiku wathawu ndinatulutsa mapepala anga akale a malipiro n'kuwerengetsera momwe iwo anachitira. Zimene ndinapeza sizinasiyane ndi zawo. Ndinamuitana mwana wanga kuti tiwerengetsere limodzi, ndipo ulendo uno sanandiyang'ane ngati wosimba nthano; anatenga cholembera n'kundifunsa kuti fizi yake ya temu imodzi ndi malita angati.

Mayi a ku Mchengautuba, nkhani ya nyumba yanu imene yaima pa lintala ndinawawerengera akunyumba, ndipo anakhala chete nthawi yaitali, popeza njerwa zathu nafenso zayamba kumera ndere pa puloti yathu ku Lupaso. Tagwirizana kuti galimoto iziima pakati pa sabata, ine ndiziyenda wapansi kupita kusukulu, ndipo ndalama ya mafutayo tizigula thumba la simenti mwezi uliwonse tsiku lomwelo malipiro akalowa, isanagone m'nyumba. Achimwene a ku Chiputula, Lachisanu ndimatuluka mochedwa ndipo ndimakhala nditasenza makope a ana okachonga kunyumba; ngati mudzakhale mudakali ndi njinga yamotoyo, mundilembere kuti tidzapangane pokumana.